Makadi 40 pa tebulo, menyu n'kudzikonza yokha

Anzanga, mtima wakhala pansi tsopano. Nthawi yonseyi pa maphunziro athu ndinkayesa kuti UX (kupanga webusaiti kuti ikhale yosavuta kugwiritsa ntchito) ndi kukongoletsa tsamba, osadziwa kuti nkhani yagona pa mawu a pa menyu, mndandanda wolozera mlendo kopita, ndipo mawuwo amapezeka posanjitsa anthu makadi. 

Chomwe chandilowa m'mutu n'chakuti mlendo sabwera pa webusaiti kudzaona mmene bungwe linadzigawira. Amabwera ndi funso limodzi, ndipo maso ake amasaka mawu a funso lakelo. Tengani webusaiti ya bungwe la maliro la anthu akwathu ku Mufakose kapena ku Mbare, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe. Komiti idzati menyu ikhale "Mbiri Yathu", "Malamulo", "Akuluakulu a Bungwe". Koma mayi amene mchimwene wake watisiya usiku akufuna kudziwa woti amuimbire, mapepala oti anyamule, komanso ngati athandizidwebe poti anadumpha miyezi iwiri osasonkha. Yankho likabisala pa tsamba 9 la PDF, webusaitiyo yagwa, ikongole chotani. Komanso kuno anthu salowera pakhomo. Linki imabwera pa WhatsApp, munthu n'kugwera pakati penipeni, ndipo ambiri bandulo yawo ndi ya WhatsApp yokha, kutsegula tsamba kumadya data ina. Ndiye tsamba lililonse lizidziimira palokha, lopepuka, ndalama yosonkha ndi nambala ya EcoCash (yotumizirako ndalama pa foni) zikhale pamwamba.

Mankhwala a menyu ndi card sorting, kusanja makadi m'milu, ndipo ine ndikuti palibe njira yoposa imeneyi, otsutsa atsutse. Dulani makadi 30 mpaka 50, khadi lililonse nkhani imodzi: "kusintha dzina la wolandira", "galimoto yonyamula maliro", "chilango cha wochedwa kusonkha". Mpatseni munthu awaunjike mmene iye akuonera, kenako mulu uliwonse aupatse dzina. Mayina amenewo ndiwo menyu yanu. Jakob Nielsen, katswiri wa UX, analemba mu 2004 kuti anthu 15 osanja makadi akwanira. Mukatero lembani mu Excel kuti makadi ati agwera limodzi kangati. Makadi awiri amene anthu 12 mwa 15 awaphatikiza musawalekanitse.

Zimasokonekera patatu. Makadi angapo akayamba ndi liwu lofanana, monga "kulipira", anthu amangowaunjika poona liwulo osaganizira tanthauzo, choncho sinthani kalembedwe. Mukasonkhanitsa anthu pamodzi, wamkulu akayankhula ena onse amangoti "ndi momwemo", ndiye aliyense achite payekha. Ndipo a komiti musawatenge, amadziwa kale pomwe chilichonse chili.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi amatha masabata pa mitundu ndi mabatani mu Figma (pulogalamu yojambulira maonekedwe a webusaiti), za makadizi n'kungozitchula mphindi khumi kumapeto. Magetsi akathima Figma yatha pomwepo, pomwe makadi amasanjika ngakhale pa kandulo. Nanga wina angayambe kupaka penti nyumba asanadziwe pomwe pakhale chitseko?

Pomwe ndakakamira ndi pa chilankhulo. Agogo asanja m'Chichewa, adzukulu obadwira konkuno amaganiza m'Chishona, a komiti amalemba m'Chingerezi. Milu ikasiyana potengera chilankhulo, menyu itsate ndani? Mwina mamenyu atatu osiyana, koma woti aziwasamalira onse ndani? Kapena titsate amene amagwira foni tsiku la maliro, omwe nthawi zambiri ndi adzukuluwo. Kaya, apa sindinatsimikize.