Kuonetsa vidiyo mu Matplotlib popanda kulemetsa kompyuta

Ndinkafuna kuti vidiyo izioneka pambali pa girafu yosonyeza kuwala kwa chithunzi chilichonse. Pulogalamu yake inali ya Python, chida chotchedwa OpenCV chikuwerenga vidiyo, china chotchedwa Matplotlib chikujambula. Itangoyenda pang'ono, fani ya laputopu inayamba kulira, RAM (malo amene kompyuta imasungamo zinthu kwakanthawi) n'kumadzaza, zithunzi n'kumabwera mochedwa.

Gwero la vutoli linali imshow (lamulo la Matplotlib loonetsera chithunzi) yoitanidwa mkati mwa loop (gawo la pulogalamu lobwerezabwereza pa chithunzi chilichonse). Ikaitanidwa imasanjika chithunzi chatsopano pamwamba pa chakale, chakalecho osachichotsa. Chithunzi chimodzi cha 1920 ndi 1080 cha mitundu itatu chimadya ma byte 6,220,800, pafupifupi 6 MB. Vidiyo ikakhala ya zithunzi 30 pa sekondi, ndiye kuti pa sekondi iliyonse pakuunjikana zoposa 180 MB, ndipo Matplotlib imajambulanso mulu wonsewo nthawi iliyonse.

Choncho imshow ndinaiitana kamodzi kokha, loop isanayambe, n'kusunga chomwe yabweza m'dzina loti im. Mkati mwa loop ndinangosiyamo im.set_data, yomwe imangosintha chithunzi chimene chilipo kale. RAM inasiya kukwera pomwepo.

Purosesa inali ikadatanganidwabe. Windo langa linali laling'ono, ndiye kulipatsa mapikiselo oposa 2 miliyoni kunali kutunga madzi ndi dengu. Ndi cv2.resize (cv2 ndi dzina la OpenCV mu Python) ndinachepetsa chithunzi kufika pa 640 ndi 360, zomwe zimagawa kulemera kwake ka 9. Kusintha dongosolo la mitundu kuchoka ku BGR ya OpenCV kupita ku RGB ya Matplotlib ndinakuika pambuyo pochepetsapo, kuti cvtColor, yomwe imasintha mitunduyo, izigwira kachithunzi kakang'ono. Manambala a mapikiselo ndinawasiya mu uint8 (byte imodzi pa nambala), chifukwa mtundu wina wotchedwa float64 umadya malo ochuluka ka 8.

Kenako plt.pause, lamulo limene linkatsitsimutsa windo mkati mwa loop, ndinaichotsa, poti imajambulanso chilichonse, mizere ndi manambala a m'mbali omwe sasintha. M'malo mwake ndinagwiritsa ntchito FuncAnimation ya Matplotlib ndi blit=True, yomwe imajambulanso zosintha zokha, komanso cache_frame_data=False kuti isasunge zimene zadutsa. Apa muchenjere: function imene mwapatsa FuncAnimation iyenera kubweza zinthu zonse zomwe zasintha, chithunzi pamodzi ndi mzere wa girafu, apo ayi sizioneka zikusuntha. Malire a girafu ndinawakhazikitsiratu, chifukwa blit sijambulanso manambala a m'mbali.

Kwa ine zithunzi 10 pa sekondi zinali zokwanira, motero ziwiri mwa zitatu zilizonse ndimazidumpha ndi cap.grab, lamulo la OpenCV lopitira pa chithunzi chotsatira osachitulutsa. Pamene sindikufuna girafu, Matplotlib sindiikhudza n'komwe: cv2.imshow ndi waitKey zimaonetsa vidiyo mopepuka kwambiri.