Zikomo nonse, khutu langa lapola

Lachisanu lapitali adokotala andiuza kuti bala lapola bwino. Chilondacho chinali kuseri kwa khutu lamanzere. Chinayamba ngati kankhanambo kosamva mankhwala, mapeto ake chinandigoneka ku chipatala cha khansa cha Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Ife achialubino khungu lathu lilibe melanin wokwanira kutchinga dzuwa, ndiye kabala kakakana kupola, thamangira nako kuchipatala. Kalembera wa 2010 anatipeza tilipo oposa 25,000 muno m'Zambia, choncho ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi akukanda kakenso.

Amayi, ndiyambe ndi inu. Munkadzuka mbandakucha ku Chawama, kuphika phala, kukwera maminibasi awiri, n'kukhala pabenchi tsiku lonse ngati mulibe tomato wogulitsa. Amalume a ku Katete, ndalama ya mtedza wanu ija inafika. Anamwino, azimayi a mumpingo, anzanga a kuntchito amene munasonkha ya mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 50, Mulungu abwezere pomwe mwachotsa.

Msuweni wanga yekha ndimuchedwerepo. Anabwera ndi buku, Akata Witch, la Nnedi Okorafor, lomwe linatuluka mu 2011. Maso angawa amafuna buku ligunde mphuno, ndipo ndi bandeji kumutu sindikanatha. Iye ndiye ankandiwerengera, uku akumasulira m'Chinyanja kuti agogo a pabedi loyandikana amve nawo. Nkhani yake ndi ya Sunny, mtsikana wachialubino wa zaka 12, wobadwira ku New York koma akukulira ku Nigeria. Anzake a kusukulu amamutenga ngati mlendo pawiri, chifukwa cha khungu komanso kumene anabadwira. Mpira amaukonda, dzuwa ndilo limamukaniza. Kenako amazindikira kuti ali ndi mphamvu za matsenga.

Poyamba ndinapsa mtima. Alubino ndi matsenga m'buku limodzi? Ine ndinakula anthu akudzilavulira m'malaya ndikamadutsa, ana akukuwa "chidangwaleza", amayi osandilola kutuluka kukada chifukwa cha aja okhulupirira kuti ziwalo zathu zimalemeretsa. Ndinamuuza msuweni atseke. Anakana ndi agogo aja: "Iwe mwana, pitiriza. Ine ndikufuna ndimve ngati mpirawo ausewere."

Anauseweradi, ndipo apa ine ndi wolembayo sitigwirizana mpaka lero. Sunny atalowa m'gulu la anthu a matsenga lotchedwa Leopard People, dzuwa linaleka kumuwotcha. Zophweka bwanji! Ine chipewa changa cha salaula chogula pamsika wa Soweto sindidzachivula, ndipo malaya a manja aatali ndidzavala ngakhale mu Okutobala.

Koma pali ziwiri zimene zinandigwira. M'dziko la Leopard People ndalama, zotchedwa chittim, zimachita kugwa zokha munthu akaphunzira chatsopano. Ndinamupempha msuweni abwereze pamenepo. Chuma cha mtsikanayu chili m'zimene akudziwa, osati m'mafupa ake. Kwa munthu amene anamvapo amuna pasiteji ya basi akunong'onezana kuti "ndalama ikudutsa", mawu amenewo si nthano wamba.

China ndi anzake atatu, Orlu, Chichi ndi Sasha. Samunyamula ngati dzira. Amakangana naye, amamuseka, amamudalira pakavuta. Ndili chigonere ndinazindikira kuti chimene chanditopetsa zaka zonsezi si chipongwe chokha ayi, komanso chifundo chija cha "iii, koma ndiwe wolimba mtima". Msuweni wangayu ndiye sanandichitirepo zimenezo. Tsiku lotsatira opaleshoni anandikumbutsa ngongole yake ya K200. Ndinaseka mpaka ulusi wosokera unandikoka. Ndakubwezera dzulo, usadzanamenso kwa amayi.

Agogo aja anatulutsidwa tisanafike kumapeto kwa bukuli, ndipo anachoka akudandaula. Mdzukulu wawo amene munatenga nambala ya msuweni wanga, chonde imbani. Machaputala otsalawo sitinawawerengebe, tikudikira agogo akhale pafoni.