Bwana waononga injini ya Cleveland ya eni ake chifukwa cha ma piston otsala mu stoo

Sabata yathayi yanditopetsa mtima kuposa thupi. Amene mumagwira mmagalaja kuno ku Joni mukudziwa kale za kumapeto kwa mwezi, ma Polo ndi ma Hilux ali ndandanda, sevisi, ma brake pad, clutch ya Quantum ina yomwe dalaivala wake amayenda phazi lili pa pedulo tsiku lonse kenako nkumadabwa kuti yapsa bwanji, magetsi nawo kuthima galimoto ili mmwamba pa lift. Zimenezo ndi zathu za masiku onse. Chandikwiyitsa ine ndi Fairmont GT yomwe ili kuseri kwa galaja yathu yofundidwa lona, injini yake ili mzidutswa.

Anzanga a kumudzi mwina simunaionepo galimoto imeneyi. Ndi Falcon GT ya ku Australia ija amati XY, Ford inkabweretsa zidutswa nkumailumikiza ku Port Elizabeth kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 nkuipatsa dzina loti Fairmont GT. Injini yake ndi V8 ya 351 Cleveland, malita 5.8. Sanapange zambiri, komanso zina zomwe zinatsala anthu a ku Australia anabwera kudzagula nkupita nazo kwawo, ndiye ukaipeza ikadali ndi injini yomwe inatuluka nayo ku fakitale, nambala ikugwirizana ndi mapepala, umayenera kuigwira ndi manja awiri. Mwini wake ndi mdala wina wopuma pantchito, inali ya malemu bambo ake, yakhala ikungogona mu shedi. Iye zofuna zake nzochepa, aziyenda nayo Lamlungu ndi mayi akunyumba, mwa apo ndi apo kukaionetsa komwe amasonkhana a magalimoto akale, basi.

Lolemba panali mkangano woti timange injini iti. Mwana wa mdala uja, wa YouTube kwambiri, akuti tichotse injini yakaleyi tiike Lexus V8. Ine injini ya Lexus imeneyo, 1UZ, sindiinyoza, ndaiikapo mma bakkie akale ndipo simavuta, malita 4.0, ya aluminiyamu, ma cam anayi, ma valve 32, inayamba mu LS400 mu 1989, imabwera yotchipa kuchokera ku Japan ndipo ukaiikira kompyuta yoyendetsa injini ya Spitronics kapena Dicktator imalira bwinobwino. Koma mu Fairmont ayi. Ndi yotambalala pamwamba pomwe ma shock tower a XY, zitsulo za mmbali mwa injini, ali pafupi, mwina mpaka udule chitsulo, ma mounting atsopano, sump, giyabokisi ina, pampu ya petulo ya pressure, mawaya onse, kenako ukaime pa mzere wa police clearance poti nambala ya injini yasintha. Ukamaliza zonsezo wawononga ndalama kuti galimoto itsike mtengo. Mdala anangopukusa mutu, nkhani ya Lexus inathera pomwepo.

Bwana wathu ndiye anali pa 408 stroker, kutanthauza kuikuza Cleveland yomweyo kuchoka pa 351 kufika pa 408, crank ya stroke ya mainchesi 4, ma head a aluminiyamu oitanitsa kunja, cam yaikulu, kabuleta ya Holley yaikulu. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa, pa zinthu zoitanitsa mpomwe amaikapo yake yapamwamba. Ndinamufunsa kuti mphamvu zonsezo zipita kuti? Galimoto ili ndi giyabokisi ya FMX otomatiki yomwe sinatsegulidwepo, radiator yakale, mabuleki a kumbuyo ndi ma drum. Cam yaikulu imadya vacuum, booster ya mabuleki nkufooka, idle nkumagwedezeka, ndiye mdala wa zaka zakezo azilimbana nayo pa ma robot a mu Boksburg? Komanso Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wochepa, injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 peresenti poyerekeza ndi ku Durban, ndiye ukaika ma port akuluakulu ndi cam yolusa pa ma rev otsika imakhala ya ulesi zedi, imadzuka pa ma rev omwe mdalayo sadzafikako mpaka kale.

Yanga inali yosavuta. Timange Cleveland yomweyi mmene inalili, cam yofatsa, ma valve seat olimba poti petulo wa lead anatha kuno mu 2006, timing chain yatsopano, oil pump, oilo wa zinc wokwanira chifukwa cam ya mtundu wake, ya flat tappet, ikasowa zinc imatha kudyeka pa kulizidwa koyamba komwe. Anthu amakonda kunena za vuto la oilo la Cleveland, loti amadutsa kaye ku ma lifter ma main bearing ena nkulandira mochedwa, nzoona koma limaluma amene amaithamangitsa pa track, ya Lamlungu siingadandaule. Ndipo ndinanena pamaso pa onse kuti tisanasankhe chilichonse buloko, thupi la injini lomwe muli ma silinda, iyezedwe kaye, chifukwa nditachotsa ma head nkupala kaboni pamwamba pa piston ndinapeza padindidwa 030. Wina anaipanga kale rebore, kukuza mabowo a ma silinda, ya 30 thou (0.030 ya inchi) zaka za mmbuyomu. Amene munagwirapo Cleveland mukudziwa kuti makoma a ma silinda ake ndi opyapyala chibadwire, ndipo nthawi zina poumba chikombole chamkati (core) chinkasuntha, mbali ina nkunenepa ina nkuonda. Kupyola 30 popanda sonic test, yoyeza kunenepa kwa makomawo, ndi juga.

Nayi nkhani ya zida tsopano. Dial bore gauge ya galaja yathu, chida choyezera kukula kwa mabowo a ma silinda, inagwa pansi chaka chatha, mpaka lero sinagulidwe, galaja yolemba pa chikwangwani kuti timamanga ma injini. Torque wrench yaikulu sinapiteko ku calibration chiyambireni ine ntchito pano. Ndimachita kubwereka gauge kwa mnzanga wa ku Mangochi yemwe ali pa galaja ina, ndipo iye anati andipatsa Lachinayi. Ndiye Lachiwiri ndinamasula zonse, kutsuka, kuika ma cap mwa ndondomeko yake, nkulemba pa buloko ndi choko chachikasu zilembo zikuluzikulu mu chizungu kuti isatuluke isanayezedwe.

Lachitatu mmawa bwana ananditumiza ku breakdown cha ku Kempton Park, bakkie ya kasitomala wake wakale, alternator. Pobwera masana ndinapeza stand ili yokha. Ndinafunsa kamnyamata kathu ka sipanala, nako nkakumudzi, kakungoyang'ana pansi. Akuti "Ankolo, ndinawaonetsa zomwe munalemba zija, anangoti kweza usandichedwetse." Kufufuza bwino, mu stoo munali bokosi la ma piston a Cleveland a 060 omwe kasitomala wina anaitanitsa kalekale nkuthawa osalipira, akhala akumuwawa bwana nthawi yonseyi, ndiye waona mpata wowagulitsa. Watumiza buloko ku engineering, kwa oboola ma injini, nkulamula kuti aiboole mpaka 60 thou kuti ma piston akewo alowe. Mwamva bwino, injini ya eni ake ikudulidwa kuti ikwane katundu wotsala mu stoo. Ndinaimba foni ku engineering kuti aimitse, anati makina ayamba kale, ndipo iwo anafunsa za sonic test bwana nkuwayankha kuti alibe nthawi ndi ndalama za zimenezo. Iwowo sindiwada, anachita zomwe anauzidwa.

Lachinayi anaimba okha kuti tibwere tidzaone. Ndinapita ine. Anali ataitseka mabowo a madzi nkuipopa mpweya, mkulu wa pamenepo anapaka madzi a sopo mkati mwa silinda nambala 6, ndipo chapakati, mbali yomwe piston imatsamira, tinthovu tinayamba kutuluka pang'onopang'ono pa kamzere kosaoneka ndi maso. Ndinayendetsapo chala, posalala bwinobwino, honing yokongola, koma kuseri kwake dzimbiri la zaka zonsezi linadya kale kuchokera ku madzi ndipo chomwe chatsala ndi chopyapyala ngati malata a 32 geji. Ikanamangidwa choncho madzi akanalowa mu oilo sabata yomweyo. Ndipo musaiwale kuti ma silinda enawo 7 nawo afika pa 60, chitsulo chomwe chachoka sichibwerera.

Nditabwerera ndinalowa mu ofesi nkutseka chitseko. Ndinati bwana, ndinakuuzani Lolemba, ndinalembanso pa buloko. Iye osaonetsa nkhope ya manyazi olo pang'ono, akuti buloko inali yowola kale, timuuza mdala kuti tinaipeza yosweka. Kenako anabweretsa nzeru ina yomwe inandiimitsa mutu, akuti pali 351 Windsor, mtundu wina wa V8 ya Ford, kwa mnzake, tiike imeneyo tiipente buluu, 351 ndi 351 mdala sangadziwe. Akuluakulu, munthu wa galaja kuyankhula choncho! Ziwirizi zimangofanana kukula, bore mainchesi 4 stroke 3.5, kwinako ndi mitundu iwiri. Valve cover ya Cleveland ili ndi mabauti 8, ya Windsor 6. Thermostat ya Cleveland imakhala pa buloko, ya Windsor pa intake manifold. Ma valve a Cleveland ndi opendekeka, ma head ndi otambalala, manifold ndi ekizozi sizilowana. Pamalo pomwe mdala akufuna kukaionetsa pamakhala anthu oti akangosuzumira mu boneti adziwa asanamalize kupereka moni. Nanga nambala ya injini pa mapepala? Windsor ndi injini yabwino, zipangizo zake nzosavuta kupeza kuposa za Cleveland, munthu atasankha yekha ndi maso ake ndikhoza kumumangira mosangalala. Koma zomubisira ayi. Ndinamuuza kuti bodza limenelo akanene yekha, ine pakamwa panga lisadutse. Anandikumbutsa, mwaulemu wake uja, kuti amakanika ofuna ntchito ndi ambiri pa geti. Ife obwera mawu amenewo tinawazolowera.

Lachisanu mdala anabwera ndi mwana wake. Bwana anayamba nyimbo yake ya buloko yowola, mdala kumvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine nkufunsa kuti inuyo amene munaimasula munaona chani. Sindinachulutse. Ndinatenga piston yakale ndi kumuonetsa 030 ija, ndinatenga pepala la ku engineering lolembedwa 060 ndi siginecha ya bwana pansi, ndinaziika pa benchi. Mdala uja anagwirapo ntchito za zitsulo ku migodi, sanafune womasulira. Mwana wake anayambanso za Lexus, bambo ake anamuuza kuti akadikire ku galimoto.

Pano njira zatsala ziwiri. Kuika ma sleeve, mapaipi achitsulo olowetsa mu ma silinda, mwina onse 8 kuti ibwerere pa standard bore nambala yake ikhale yomweyo, ntchito yodula komanso yofuna munthu wodziwa chifukwa kuboola kokwanira sleeve pa buloko yopyapyala kale kumaifooketsa. Kapena kusaka buloko ina ya Cleveland, ku Australia anapitiriza kuziumba mpaka 1982 ndiye zimapezeka koma kuno nzosowa, tiimange imeneyo ayendere, yake yeniyeni aipake girizi aisunge. Ine ndamulangiza kuti tidikire sonic test ya ma silinda onse, yomwe tsopano bwana wavomera kulipira buloko itaonongeka kale, manambala akatuluka ndi omwe anene. Ngati enawo ali ndi nyama yokwanira tiika sleeve pa nambala 6 pokha nkuika radiator yabwino, ngati ayi tiona. Za 408 palibenso akuzitchula. Zoti alipire ndani akukanganabe, mdala wanena kuti senti yake sipita pa ma sleeve ndipo ma piston a 060 aja sawafuna olo aulere.

Loweruka tinagwira theka la tsiku, bwana osandiyankhula, ma job card akungondipatsira kudzera kwa kamnyamata kaja, ndipo onse anali a ma sevisi ndi ma CV joint. Ovataimu ya ku Kempton Park sinaoneke pa pepala. Gauge ya mnzanga ija ndaibweza osaigwiritsa ntchito, ndipo ndafunsa kale mtengo wa yanga yanga, mwezi ukatha ndigula ndiziitsekera mu bokosi langa.