Khutu la Mukanene

Lolemba ndinalawirira ku shopu dzuwa lisanatuluke, chifukwa mwezi wa Okutobala kuno ku Mangochi ntchito ya penti imagwirika m'mamawa basi. Pakhonde ndinapeza bambo ena achikulire atakhala pa benchi, chipewa chili pabondo, pambali pawo pali mnyamata wa zaka ngati 15. Anali atatsika kuchokera ku Namwera ndi galimoto yoyamba.

Titalonjerana anafunsa kuti, "Kodi wojambula agalu uja ndinu?"

"Ndine, bambo. Takulandirani."

"Ndamva mbiri yanu, mwanawanga. Wangawo anafa mwezi wathawu. Ndimati mundibwezereko nkhope yake."

Ntchito imeneyi sindinayambire pa agalu. Ndinayamba ndi zikwangwani: mitu ya anthu pa zipupa za ometa tsitsi, mayina a magolosale, mayina a maboti a asodzi ku Makawa, ndiponso chambo, chambo chosawerengeka, pa makoma a malo ogona alendo. Tsiku lina ku Cape Maclear mayi wina wachizungu anaona kagalu kamene ndinangokaikapo pansi pa mlambe pa chithunzi china cha nyanja, nandipempha kuti ndijambule galu wake. Anauza anzake, anzakewo anauzanso ena. Kwa zaka zambiri ondipatsa ntchito anali alendo ndi mabwana a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene ali ndi nyumba zopumulirako m'mbali mwa nyanja, eni agalu a mitundu ya German Shepherd, Boerboel ndi Rhodesian Ridgeback. Anzanga ankandifunsa kuti kodi anthu oti n'kuwajambula atha. Munthu wakumudzi, wolima chimanga, kulipira thiransipoti kudzafuna chithunzi cha galu wachikuda, aka kanali koyamba.

Mnyamata uja, yemwe anali mdzukulu wawo, anatulutsa foni. Chithunzi chinalipo chimodzi chokha. Anachijambula tsiku limene a vetenale anabwera kudzabaya agalu katemera wa chiwewe, ndipo galuyo anali pa chingwe cha luzi, atanyutuka, makutu atagonera kumbuyo, mchira uli pakati pa miyendo. Chinali chosaoneka bwino, dzuwa lili kumbuyo kwake. Ndinaona kuti anali galu wofiirira, wa pakamwa pakuda, wa chifuwa choyera. Dzina lake anali Mukanene. Agogowo anati anamutcha choncho nthawi imene ankalimbana ndi anthu ena pa nkhani ya malire a munda, ndipo akamuitana mokweza madzulo, uthenga unkafika kumene unkayenera kufika. Tinagwirizana mtengo: theka ndalama, theka nkhuku ndi ndowa ya nandolo. Ndinawauza kuti pofika Lachinayi ndiwatumizira chithunzi pa WhatsApp kuti aone.

Tsiku lonselo linathera pa kukonza nsalu. Mafelemu amandikhomera kalipentala wa kuseri kwa msika ndi zidutswa za matabwa a paini, ine n'kukoka nsalu yolimba, kuikhomera ndi timisomali, kupaka penti yoyera ya PVA katatu, uku ndikukwecha ndi sandipepa ikauma. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penti ya acrylic ya m'machubu, imene ndimaitanitsa ku Blantyre, inakhala ngati mankhwala. Kumbuyo kwa chithunzi, thambo kaya udzu, ndimagwiritsa ntchito penti ya nyumba yosakaniza ndi utoto. Ya m'chubu ndimasungira maso, mphuno ndi ubweya wapamwamba.

Lachiwiri linali la galu wakuda bii wa mtundu wa Labrador, wa bwana wina wa ku Lilongwe amene amabwera ku nyumba yake ya cha ku Nkopola kumathero a sabata. Galu wakuda ndiye amaulula ngati munthu akudziwa ntchito. Ukangotenga penti yakuda n'kupaka, chimatuluka ndi chibowo cha maonekedwe a galu, chopanda mutu, chopanda phewa. Ine yakudayo sindiigwira mpaka pomaliza. Ndimasakaniza buluu wakuda ndi bulawuni wopserera, apa kuchulutsa buluu, apo kuchulutsa bulawuni, chifukwa ubweya wakuda umatenga mtundu wa zimene zauzungulira: pamsana ndi pamphumi pamagwa thambo, kunsi kwa chibwano kumabwerera kufiira kwa mchenga. Yakuda yeniyeni imangolowa m'mphuno, m'kati mwa makutu ndi pa kamwana ka diso. Ndipo burashi iyenera kutsata kumene ubweya wagonera, kuchoka pamphuno kumka kumbuyo, ngati ukumusisita.

Vuto ndi kutentha. Acrylic amauma ndi mphepo, ndiye kuno ikamakwana 9 koloko amayamba kuumira pa burashi usanafike naye pansalu. Ndimayala kansalu konyowa m'mbale, pepala pamwamba pake, penti pamwamba pa pepalalo, ndipo botolo lopoperera madzi silichoka m'dzanja lamanzere. Ikakwana 10 ndimatsuka maburashi. Masana ndi ojambula ndi pensulo, kuyankha mauthenga, ndi kukumbutsa amene anatenga zithunzi zawo koma ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money sinafikebe.

Lachitatu ndinakwera kabaza kupita kumsika kukajambula mphaka wa mayi ena ogulitsa mpunga. Kuno mabanja ambiri, makamaka a Chisilamu, amasunga amphaka kusiyana ndi agalu, ndipo mphaka wa mayiwa wakhala akulondera matumba awo kwa zaka 7. "Uyu ndi wantchito wanga, achimwene," anatero, "salandira malipiro koma sanajombepo." Ndinagwada pansi pa simenti kuti foni ikhale pa mulingo wa maso ake. Ichi ndimauza aliyense wonditumizira chithunzi: musajambule chiweto mutaimirira, ndipo musamuyandikizitse foni, chifukwa kamera ya foni ikayandikira imatupitsa mphuno, mutu n'kukhala waukulu, miyendo n'kusanduka timitengo. Bwererani m'mbuyo pang'ono, khalani pansi, mujambulire pamthunzi. Mphaka akakhala padzuwa kamwana ka diso kamangotsala kamzere, ndipo amaoneka wolusa; pamthunzi kamatseguka, n'kukhala mphaka amene mwini wake amamudziwa. Komanso potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi chithunzi chimafika chitafinyidwa, ndevu zonse zitasowa.

Madzulo ake ndi m'mawa wa Lachinayi ndinagwira Mukanene. Ndinadziwa kuti galu wamantha wa pa chingwe uja sindingamupereke kwa mwini wake momwemo, choncho ndinamuimiritsa. Ndinamudzutsa makutu onse awiri kuti njo, ndinamutambasula chifuwa, ndinamuwalitsa ubweya. Pa khutu lamanzere panali kanthu kosaoneka bwino, ndipo ndinaganiza kuti ndi mthunzi wa chingwe, ndiye ndinakonza khutulo kukhala losongoka bwinobwino. Nditamaliza ndinakhutira. Ndinajambula ndi foni n'kutumiza kwa mdzukulu uja.

Foni inalira dzuwa litapendeka.

"Mwanawanga, taona. Galuyo ngwabwino kwambiri."

"Zikomo, bambo."

"Koma si wanga."

Sanakalipe, sanafunse za ndalama yawo. Anangonena mofatsa ngati munthu amene wapita kukazindikira mbuzi yotayika n'kupeza kuti ndi ya eni. Ndinakhala pa benchi nthawi yaitali ndikuyang'ana chithunzicho, ndipo ndinaona chimene ndinachita. Mapewa aja anali a Ridgeback, makutu aja a German Shepherd. Zaka zonsezi dzanja langa linazolowera agalu odya m'mbale yawoyawo, ndipo litapatsidwa galu wa gaga ndi mkute linayamba kumukonza, ngati kuti momwe analili sizinali zokwanira kupachikidwa pakhoma. Chinandiwawa n'chakuti ine ndinakulira ndi agalu otere. Galu wachikuda ali ndi thupi lakelake: m'chiuno mowonda, miyendo yaitali yowuma, nthiti zooneka pang'ono ngakhale akhute, mchira wopindikira kumsana. Si galu wachizungu amene wasowa chakudya ayi.

Lachisanu sindinatsegule shopu. Ndinatenga buku langa la mapepala, makala ojambulira ndi pensulo, n'kukakwera galimoto pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ya Queen Victoria ya m'chaka cha 1903. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera phiri. Msewu umenewu umakhotakhota, ndipo ukacheuka umaona nyanja ya Malombe mbali iyi, nyanja ya Malawi mbali iyo, Shire ali pakati ngati ulusi. Kumtundako mphepo imapepuka. M'mbali mwa msewu munali anyani atakhala pamiyala akuonerera magalimoto, ndipo sindinadziwe kuti nkhani imene ndinkaitsatira ndi yawo.

Anadabwa kundiona. Amayi akunyumba kwawo anayala mphasa pansi pa mango, nabwera ndi thobwa. Ndinati, "Bambo, ndalakwitsa ntchito yanu. Ndabwera kuti mundiuze za Mukanene. Za chithunzi chija tiiwale."

Anayamba ndi khutu. Munda wawo uli m'munsi mwa phiri, ndipo chimanga chikayamba kukhwima anyani amatsika gulu lonse. Chaka china chimphongo chachikulu chinalowa m'munda iwo atapita kukatunga madzi, m'chisimba mutatsala mdzukulu yemwe uja, ali wamng'ono. Mukanene anachiimirira yekha. Anabwerako khutu lamanzere litang'ambika pakati, ndipo litapola linangogwa, nsonga yake italendewera kutsogolo. Lamanja lokha ndi limene linkadzuka. "Ndiye akamva kanthu kuphiri," anatero agogowo, akupendeketsa mutu wawo womwe, "ankachita chonchi, kuti khutu labwinolo lipite kutsogolo."

Amayi aja anawonjezera zawo. Anati galuyo sankaima chilili ngati wa pa chithunzi changa. Ankakonda kukhala, mwendo umodzi wakumbuyo atautayira kumbali chifukwa cha nyamakazi ya ukalamba. Kukamwa kwake kunali kutayamba imvi. Pamwamba pa diso lamanja panali kachipsera. Anandionetsa pansi pa nkhokwe pamene ankagona, dothi lake likadali lolowa ngati mbale. "Nsima ikatsala ndimaiwala, ndimapita nayo pomwepo," anatero, n'kulowa m'khitchini.

Mwayi wanga unali wakuti pakhomopo pali mwana wake wa Mukanene, galu wamkazi wa zaka zitatu. Mtundu wa ubweya ndi wosiyana, koma agogowo anati mutu ndi miyendo ndi bambo ake enieni. Mdzukulu uja anamunyengerera ndi mitu ya usipa, ine n'kumajambula ndi makala mofulumira: mmene khosi limalumikizirana ndi phewa, kutalika kwa mphuno, mmene zala zimatambasukira pa dothi. Ndinadzaza mapepala 9. Pa lililonse agogowo ankaloza ndi chala: apa chepetsani, apa anali wotakata kuposa uyu. Ndinajambula khutu logwa lija kanayi, kachinayiko anangogwedeza mutu. Ndinatsika phiri anthu akutuluka m'mizikiti, mikanjo ili mbee m'mbali mwa msewu.

Usiku umenewo magetsi anazima, ndipo ngakhale akanayaka sindikanagwira penti, chifukwa kuwala kwa babu kumanamiza mitundu. Zimene wasakaniza usiku m'mawa umapeza zikuoneka mwina. Ndinangopaka yoyera pamwamba pa galu woyamba uja kuti iume.

Loweruka ndinayamba 5 koloko. Ndinamukhazika pansi, mwendo uja utatayidwa kumbali, mutu utapendekeka. Mtundu wake ndinaupeza posakaniza chikasu cha dothi ndi bulawuni wofiira, n'kudonthezera koyera pang'ono pa nthiti pamene fumbi limakhala. Imvi za kukamwa ndinaziika ndi burashi yakale yothetheka, imene ndimaisunga dala chifukwa imasiya timizere tosalongosoka ngati ubweya weniweni. Kumbuyo sindinaike nyanja monga ndimachitira ndi agalu a alendo. Ndinaika miyendo ya nkhokwe ndi phiri chapatali. Maso ndimamalizira nthawi zonse. Diso la galu silionetsa koyera kwambiri ngati la munthu, ndipo ukakuchulutsa amaoneka wamantha. Kadontho kowala kaja kamakhala kamodzi pa diso lililonse, mbali imodzimodzi, kumene dzuwa likuchokera. Ndinakaika ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, kenako ndinabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo. Anali akumvetsera kuphiri.

Sindinatumize pa foni. Ndinangoimba kuti abwere mawa lake, ndipo thiransipoti ya ulendo uno ndi yanga. Madzulo ndinapaka vanishi, ndinamalizanso Labrador uja n'kumukulunga m'katoni.

Anafika Lamulungu masana, iwo ndi mayi aja, nkhuku ili m'khwapa, nandolo ali pamutu. Chithunzi ndinali nditachitsamiritsa kukhoma, pansi, pa msinkhu wa galu. Agogowo anavula chipewa, ananjuta patsogolo pake, nakhala chete. Kenako anaimba kakhweru kapansipansi, kawiri, n'kutambasula chala kukhudza nsonga ya khutu logwa lija.

"Wamva anyani," anatero kwa akazi awo.

Amayiwo anamasula chitenje chimene anabwera nacho chopindidwa bwino, nayamba kukulunga chithunzicho okha. Anandifunsa ngati utsi ungachiwononge. Ndinati achipachike kutali ndi khitchini ndiponso pomwe dzuwa silifika, ndipo fumbi likachuluka apukute ndi kansalu konyowa pang'ono, popanda sopo. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji. Mayiwo anakana kuti kondakitala achiike kumbuyo ndi katundu, anakhala nacho pamiyendo.

Nditabwerera ndinapeza nkhuku ija itamangidwa ku mwendo wa benchi. Ndinaipatsa madzi m'chitini chakale cha penti chotsuka bwino, ndipo poti kunali kukadawala ndinatulutsa nsalu ya mphaka wa mayi a mpunga aja, ndinasongola pensulo, n'kuyamba kuyeza mtunda wa pakati pa makutu ake.