Mfuti Yanga Yoyamba: Chifukwa Chomwe Ndasankhira Revolver Yolemera

Satifiketi yosonyeza kuti ndine woyenera kukhala ndi mfuti yatuluka kupolisi, choncho tsopano ndafika pa gawo lomwe ndakhala ndikuliyembekezera chiyambireni masewera owombera chandamale kuno ku Johannesburg, lomwe ndi kusankha mfuti yanga yoyamba. Kuno ku South Africa nkhani zonsezi zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000, lomwe limafuna kuti wopempha akhale nzika kapena akhale ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, akhale atakwanitsa zaka 21, ndiponso akhale ataphunzira malamulo ndi kagwiridwe ka mfuti kwa aphunzitsi ovomerezeka. Laisensi imaperekedwa pa mfuti imodzi yokha yodziwika ndi nambala yake, motero munthu amayamba wasankha ndi kulipira, kenaka mfutiyo imatsala kusitolo kufikira apolisi atavomereza. N'chifukwa chake kusankhaku kumafuna kudekha, pakuti wogula mfuti yosamuyenera sangaibweze mawa lake ngati malaya, koma ayenera kuyambiranso kupempha laisensi ina.

Anzanga ambiri kukalabu amagwiritsa ntchito mfuti za Glock kapena CZ za zipolopolo za 9mm, ndipo ena anadabwa atamva kuti ine mtima wanga uli pa revolver, mfuti ya m'manja yomwe zipolopolo zake zimakhala m'mabowo a silinda yozungulira. Zifukwa zawo n'zomveka: revolver kawirikawiri imanyamula zipolopolo 5, 6 kapena 7 basi, kuikamo zina kumachedwa, komanso zipolopolo zake kawirikawiri zimakwera mtengo kuposa za 9mm. Koma kwa munthu wongoyamba kumene pali chinthu chimodzi chomwe chinandigwira mtima. Ukatsegula silinda, mabowo onse amaonekera poyera, ndipo palibe malo ena obisika momwe chipolopolo chingatsalire monga zimachitikira pa mfuti ngati Glock munthu akachotsa magazini n'kuiwala chomwe chinalowa kale mumpope. Ine cholinga changa ndi masewera, osati kuyenda ndi mfuti m'chiuno, kotero kuchepa kwa zipolopolo sikukundidetsa nkhawa.

Nkhani yaikulu inali ya kukula kwa mfutiyo. Pafupifupi aliyense wongoyamba amakopeka ndi timfuti ting'onoting'ono monga Smith & Wesson 642, yomwe imalemera magalamu ongopitirira pang'ono 400 ndipo mpope wake sukwana mainchesi 2, poganiza kuti kanthu kakang'ono sikavuta kukalamulira. Zenizeni n'zosiyana ndi maganizo amenewa. Mphamvu ya wonga ndi imodzimodzi, koma mfuti yopepuka ilibe thupi lokwanira kuimeza, ndiye yonse imathera m'dzanja la wowombera, monga momwe kabwato kakang'ono kamagwedezekera ndi mafunde omwe boti lalikulu silingawamve n'komwe. Nditayesa kamfuti kotere ku bwalo lowomberako, chikhatho chinayamba kuwawa bokosi la zipolopolo lisanafike theka, ndipo mlangizi wathu anandiuza kuti ululu umenewu ndiwo umaphunzitsa anthu chizolowezi choipa chogwetsa mpope pansi poyembekezera kukankha kwa mfuti, chizolowezi chomwe chimatenga nthawi yaitali kuti chithe. Kuonjezera apo, mpata wa pakati pa zoyang'anira ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo, umakhala waufupi kwambiri, moti kuphonya pang'ono pamaso kumasanduka kuphonya kwakukulu pachandamale. Ruger GP100 ya mpope wa mainchesi 4.2 imalemera pafupifupi kilogalamu 1.1, ndipo zipolopolo zomwezo zinkamveka zofatsa zedi m'menemo.

Pa mtundu wa zipolopolo sindinachedwepo. Mfuti yopangidwira .357 Magnum, chipolopolo chomwe chinatuluka m'chaka cha 1935, imawomberanso .38 Special popanda vuto, chifukwa ngakhale mayina akusiyana, m'mimba mwake zonse ndi mainchesi 0.357. Kusiyana kuli pa chikhokhombe chosungira wonga, chomwe pa Magnum n'chotalikirapo ndi mamilimita oposa 3, ndipo anachitalikitsa dala kuti chisalowe m'mfuti zakale za .38 zomwe sizingapirire mphamvu yake. Choncho mfuti imodzi imandipatsa mwayi wophunzira ndi zipolopolo zofatsa tsopano, ndi kudzayesa zamphamvu dzanja likadzazolowera. Chofunika n'kutsuka bwino mabowo a silinda mukawombera .38 yambiri, pakuti mwaye umaunjikana pomwe chikhokhombe chachifupicho chimathera ndipo umalepheretsa chachitalicho kulowa bwino.

Zinatsala pamndandanda zinali zitatu. Yoyamba inali Smith & Wesson Model 10 yogwiritsidwapo kale ntchito, mtundu womwe unayamba kupangidwa mu 1899 ndipo apolisi a m'mayiko ambiri anaunyamula kwa zaka zochuluka; inali yotsika mtengo, koma ndi ya .38 Special yokha ndipo zoyang'anira zake sizisunthika, zomwe pa masewera a chandamale ndi chilema. Yachiwiri inali Smith & Wesson 686, yomwe trigger yake, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, inali yosalala kuposa zonse zomwe ndagwirapo, koma mtengo wake unapyola zomwe ndinakonzekera. Yachitatu inali GP100 ija, mtundu womwe unatuluka mu 1985, wolimba thupi ndipo wosavuta kuusinthira chogwirira. Ichi chomalizachi n'chofunika kwa ine chifukwa zala zanga n'zazifupi, ndipo pa revolver chala chimagwira ntchito yaikulu: kukoka trigger kanyundo komenya chipolopolo kasanakokedwere kumbuyo kumafuna mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 5, popeza kukoka kumodziko kumazunguza silinda, kumadzutsa kanyundo ndi kukagwetsa. Chala chikapanda kufika bwino, mpope umapatukira kumbali. Ena amati ichi ndi chovuta cha revolver, koma ine ndikuona kuti munthu wophunzira kukoka trigger yotere osagwedeza mpope sangavutikenso ndi mfuti ina iliyonse.

GP100 yomwe ndinapeza ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, choncho ndinapita ndi mlangizi uja kuti akaiyendere tisanapereke ndalama. Titatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, iye anakoka kanyundo pang'onopang'ono pa bowo lililonse kuti aone ngati silinda ikukhoma m'malo mwake kanyundo kasanafike kumapeto, kenaka anayesa kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo komanso m'mbali. Anaunikanso ndi tochi pakhomo pa mpope kuti aone ngati palibe mng'alu, n'kuyeza kampata ka pakati pa silinda ndi mpope. Kampata kameneka kamatulutsa mpweya wotentha ndi wamphamvu mfuti ikalira, ndipo anandichenjeza kuti chala cha dzanja lothandizira chisamafike pamenepo ngakhale pang'ono, makamaka pa Magnum, chifukwa chikhoza kuvulala koopsa. Zonse zinapezeka kuti zili bwino, kupatula timikwingwirima ta kunja tomwe sitikhudza kawomberedwe.

Pakadali pano ndalipira, ndipo mfuti ili m'manja mwa wogulitsa. Sefa yachitsulo yovomerezeka yosungiramo mfuti ndaikhomera kale kukhoma ndi mabawuti monga malamulo amafunira. Ndikudzaza fomu yopemphera laisensi kupolisi, ya SAPS 271, pansi pa gawo 15 la lamulo lija, lomwe ndi la owombera masewera mwa apo ndi apo, ndipo laisensi yake imakhala ya zaka 10; pansi pa gawoli sindiloledwa kusunga zipolopolo zoposa 200 za mfutiyi nthawi imodzi. Chomwe chikundidyera nthawi ndi kalata yofotokoza chifukwa chomwe ndikufunira mfuti imeneyi osati ina, yomwe ndiphatikizepo umboni wa umembala wa kalabu ndi mapepala a zandamale zomwe ndawombera. Poyembekezera yankho ndipitiriza kubwereka revolver ya kukalabu, ndipo ndakonza zowombera .38 Special yokha, pa mtunda wa mamita 10, osakokera kanyundo kumbuyo, kufikira zipolopolo zonse 6 zitayamba kugwera malo amodzi ndisanasunthe chandamale kupita pa mamita 15.