Paipi ya buleki ndakonza ndekha, koma nati yandichititsa manyazi

Abale, ka Corolla kanga kayambanso kuima bwino. Sabata yatha pedulo ya buleki inangomira mpaka pansi ndikutsetsereka ku Kawale, thukuta kamukamu. Kusuzumira kunsi, paipi ya kumbuyo yadyeka ndi dzimbiri, mafuta akudontha.

Loweruka ndinakagula flaring tool, chida chotambasulira mlomo wa paipi, ku Biwi. Apa mumve bwino: musatenge yongotambasula mlomo wa paipi kamodzi, mlomo wotero umang'aluka. Ma Toyota athuwa amafuna double flare, mlomo upindikire mkati n'kukhala wophatikiza. Galimoto zambiri za ku Ulaya zimafuna bubble, mlomo wotupa ngati kathovu, ndiye yang'anani kaye paipi yakaleyo. Saizi ndi 3/16 inchi, kapena kuti 4.75mm. Ine ndinasankha paipi ya copper-nickel, ndi yofewa kuposa yachitsulo ndipo sichita dzimbiri.

Dulani ndi kachodulira mapaipi, osati sowo, mupale m'kamwa mwake, mudonthezepo mafuta a buleki pang'ono. Mangitsani paipiyo kwambiri mu flaring tool, apo ayi paipi imaterereka n'kutuluka mlomo wokhota. Yanga yoyamba inakhota, yachiwiri inakhotanso. Yachitatu inatuluka yokongola ngati ya ku fakitale, mpaka ndinaijambula. Kenako ndikuona nati yomangira paipi ili phee pansi, sindinailowetse ndisanatambasule mlomo! Mlamu wanga anaseka mpaka misozi. Kudula, kuyambiranso.

Pochotsa mpweya m'mapaipi a buleki iye amapopa pedulo, ine ndili chagada kunsi ndi sipanala. Tayesa kuzungulira pafupi pompano maulendo angapo, polumikizira pali gwa, pouma. Mawa ndisuzumiranso ndisanalowe M1.