Valentine ya ana anga awiri

Pa 14 February mwana wanga wamkulu, wa zaka 6, anabwera kuchokera kusukulu ndi funso: "Amayi, kodi Valentine ndi ya anthu a zibwenzi okhaokha?" Anali ataona anthu ovala zofiira m'minibasi.

Ndinamukhazika pamkeka pamodzi ndi mng'ono wake, n'kuwauza kuti Valentine anali munthu ndithu, wansembe wa ku Rome amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake, cha m'ma 269, mfumu ili Claudius. Wamng'onoyo anangofunsa ngati wansembeyo ankadya nsima. Ana inu!

Kenako tinadula timitima pa katoni ya sopo n'kutipaka krayoni yofiira. Sizasi yathu ndi yobuntha, ndiye timitima tina tinatuluka topindika. Aliyense anasankha womupatsa. Wamkulu anati agogo. Wamng'ono anaumirira mayi wogulitsa zitumbuwa pamsewu paja, eti chifukwa amamuikira kamodzi ka basera. Sindinamutsutse.

Madzulo mvula itakata tinapita kwa agogo, titanyamulanso mondokwa wowotcha. Anakatembenuza kamtimako kangapo, n'kufunsa kuti, "Kodi mwandijambulira mbatata?" Wamkulu uja anakwinya nkhope. Agogo anaseka mpaka misozi, kenako anakaika pakati pa Baibulo lawo.